Oyendetsa ndege ali ndi mankhwala anji kuti mabwana aziwamvera chonchi?

Mlembi wa ku Luwinga: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi funso, ena museka koma ndifunsabe. Kuntchito kwathu anandisankha kukhala mlembi wa nthambi ya yuniyoni, ndipo mwezi wamawa tikukhala pansi ndi mabwana pa nkhani ya malipiro. Usiku tulo titasowa ndinayamba kufufuza pa intaneti mmene anzathu amachitira, ndiye ndinagwera pa nkhani ya oyendetsa ndege a ku America. Mu 2023 a kampani ya Delta anakwezeredwa malipiro ndi 34 peresenti pa zaka zinayi, a United mpaka 40 peresenti. Osanyanyala ntchito ngakhale tsiku limodzi. Ife chaka chatha tinalira mpaka mawu kusasa, zomwe tinapeza sindinganene pano, manyazi. Anthu amenewa amachita bwanji?

Wakabaza pa Katoto: Mankhwala ake ndi ndegeyo bwana. Inu mukanyanyala, odziwa ndi amayi ogulitsa mandasi pageti basi. Iwo akanyanyala, nduna zigona pa chikwama ku eyapoti 😂

Aphunzitsi a ku Chibavi: A Kabaza mwanena mwanthabwala koma mwalasa. Kumbukirani Febuluwale 2013, sitiraka ya ogwira ntchito m'boma. Masiku anali kupita boma lili phee. Bwalo la ndege la Kamuzu litatsekedwa, mpamene zinthu zinayamba kuthamanga, ndipo olandira zochepa anakwezeredwa ndi 61 peresenti. Sukulu zitatsekedwa akuluakulu sanamve kuwawa, ana awo saphunzira kwa ife.

Adada Opuma: Mwana wanga wa ku Luwinga, ine ndinagwira ntchito pabwalo la ndege zaka zambiri, osati kuulutsa ayi, pansi pompano kukonza za maulendo. Ndinkadya nsima ndi mapailoti, ndiye nkhani zawo ndimazitsatabe mpaka lero ngakhale ndili pakhonde ku Chiputula. Lekani ndikuuzeni chinthu chodabwitsa: ku America, pailoti ndi mmodzi mwa anthu ovutika kwambiri kuti anyanyale ntchito. Kuli lamulo lakale la 1926, Railway Labor Act, lomwe analipangira a sitima zapamtunda, kenako mu 1936 analowetsamo a ndege. Pansi pa lamulo limenelo kontirakiti siitha ntchito. Tsiku lake likakwana, imangokhala yotseguka kuti ikambidwenso, koma aliyense amapitiriza kugwira ntchito pa malipiro akale. Mukalephera kumvana, amabwera amkhalapakati a boma a National Mediation Board, ndipo amenewo akhoza kukusungani patebulo miyezi, ngakhale zaka. Akakumasulani, mudikirenso masiku 30 oti mitima izizire. Atatha masikuwo, Pulezidenti akhozanso kulowererapo. Mu 1997 mapailoti a American Airlines anayamba sitiraka pakati pa usiku, patangopita mphindi zochepa Bill Clinton anailetsa. Ndiye musaganize kuti mphamvu yawo ili mu kunyanyala kwenikweniko.

Mlembi wa ku Luwinga: Nanga ili pati adada? Mwandisokoneza tsopano.

Adada Opuma: Ili pa nthawi, komanso pa kuwerenga thumba la bwana. Kontirakiti ya a Delta inatseguka kumapeto kwa 2019. Kenako Covid inabwera, ndege zinaikidwa pansi, makampani akulira. Zokambirana zinaima. Mapailoti sanakakamire kusaina chilichonse nthawi yanjala ija. Makampani anapereka ndalama kwa mapailoti achikulire masauzande kuti apume msanga. 2022 itafika anthu anayambanso kuyenda mwaunyinji, ndege zilipo, oziulutsa akusowa. Ndipo pailoti sumamutola pa Taifa Market. Ku America kuti uyambe kuulutsa ndege yonyamula anthu ufunika maola 1,500 mlengalenga, ndipo ukafika zaka 65 upume, ufune usafune. Apa mpamene yuniyoni yawo, ALPA, inabwerera patebulo. Mu Okutobala 2022 anachititsa voti yofunsa mamembala ngati angalole sitiraka, ndipo 99 peresenti ya ovota inati inde. Aliyense ankadziwa kuti lamulo silikuwalola kunyanyala mawa lake. Koma munthu wofuna kugula tikiti ya Khirisimasi akamva "99 peresenti" pa wailesi amayamba kuyang'ana kampani ina, ndipo bwana amaona zimenezo m'mabuku ake. Pa masiku awo opuma ankavala yunifomu, zipewa ndi mataye, n'kukaima mwandondomeko kutsogolo kwa mabwalo a ndege atanyamula zikwangwani. Osagenda, osatukwana, osaletsa ndege ngakhale imodzi. Mu Marichi 2023 anavomereza kontirakiti: 18 peresenti pomwepo, zotsalazo pang'onopang'ono, kuphatikizapo ndalama ya kamodzi yolipira zaka zomwe anadikira.

Wakabaza pa Katoto: Zionetsero zopanda kuotcha tayala? Kuno anthu anganene kuti ndi kwaya ya mpingo.

Mayi a ku Ofesi: Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Ine ndimakhala mbali inayo ya tebulo, ndine wa HR, ofesi yoona za ogwira ntchito, ndiye musandigende. A Mlembi, ndikuchenjezeni musapite kwa mabwana anu ndi nambala ya 34. Delta ndi kampani yopanga phindu la madola mabiliyoni. Mapailoti aja asanapemphe anali atawerenga kale malipoti a kampani, ali ndi akatswiri awoawo a zachuma olipidwa ndi yuniyoni. Ine chomwe chimandipweteka ndikakhala ndi ma yuniyoni athu ndi chakuti amabwera ndi mawu amodzi, "zinthu zakwera." Inde zakwera, nanenso ndimagula shuga yemweyo. Koma ndikafunsa kuti mwaona kampani yagulitsa zingati chaka chino, anthu amayang'anana. Mukabwera chimanjamanja choncho, ine ntchito yanga imaphweka.

Mlembi wa ku Luwinga: Amama, mabukuwo mumatipatsa? Chaka chatha tinapempha, anatiuza kuti ndi chinsinsi cha kampani.

Mayi a ku Ofesi: Pemphani polemba kalata, osati pakamwa pakhonde, ndipo tchulani kuti mukufuna zimenezi chifukwa cha zokambirana. Akakana, kalatayo idzakuthandizani kutsogolo mukadzafika kwa a Labour. Komanso simufunika mabuku onse. Inu mumaona malole angati akutuluka pageti pa sabata. Mumadziwa mwezi umene maoda amachuluka. Zimenezo ndi nambala kale.

Mnyamata wa ku Joni: Ndikuwerenga kuchokera kuno ku Johannesburg. Adada mwafotokoza mbali yokoma, ine ndionjezere yowawa. Mapailoti a South African Airways anali ndi mgwirizano wamphamvu kwambiri wa 1988, anthu ankati sungathyoledwe. Kampani italowa m'mavuto azachuma mu Disembala 2019, oyendetsa kampani anati mgwirizano umenewu uchoke. Mapailoti anakana. Mu Disembala 2020 kampani inawatsekera kunja, osalandira malipiro, kwa miyezi yambiri. Pofika pakati pa 2021 mgwirizano uja unatha ndipo ambiri ntchito inawathera. Anthu omwewo, luso lomwelo, yuniyoni yomweyo. Kusiyana kwake, ndege zinali zitaima kale. Unganyanyale bwanji ntchito yomwe kulibe?

Adada Opuma: Yewo mwana wanga, wandikumbutsa ya ku Australia ya 1989, imene mapailoti akale ankaikamba motsitsa mawu ngati maliro. Anapempha 29.5 peresenti. Anayamba ndi kuuluka masana okha, kuyambira 9 koloko mpaka 5 koloko. Makampani atayamba kuwasumira mmodzimmodzi, mapailoti oposa 1,600 anatula pansi ntchito tsiku limodzi, poganiza kuti dziko ligwada. Nduna yaikulu Bob Hawke, amene iye mwini anali mtsogoleri wa ma yuniyoni kale, anatulutsa ndege za asilikali n'kubweretsa ndege ndi mapailoti akunja. Ambiri mwa aja sanabwererenso pa ntchito zawo. Analakwitsa ziwiri. Anatula ntchito, kutanthauza kuti anataya okha chitetezo cha lamulo. Ndipo anali okha, ma yuniyoni ena sanawaikire kumbuyo chifukwa ankawaona ngati anthu olemera ofuna kudumpha mzere.

Aphunzitsi a ku Chibavi: Pamenepo mpomwe ine ndimakayika nazo nkhani za mapailoti. Munthu wolandira madola masauzande pamwezi akamalira, ine wa choko ndimve chisoni? Komanso wonyamula zikwama pansi pa ndege yomweyo amapindula chiyani?

Nyamwali wa ku Zolozolo: Aphunzitsi, mchimwene wanga amaulutsa ndege ku maiko a Aluya, sinditchula kampani. Kumeneko yuniyoni kulibe, lamulo silola. Akakhumudwa njira yake ndi imodzi, kulemba kalata n'kupita kwina. Koma zimene amadandaula akabwera kutchuthi si ndalama ayi. Ndi tulo. Lero auluka usiku, mawa masana, mkuja usikunso, ndandanda ikusintha ali m'njira. Ubatizo wa mwana wake anaonera pa foni. Malamulo amati asapitirire maola 100 mlengalenga pa masiku 28, koma kampani ikhoza kukufinya mkati mwa malamulo momwemo mpaka kuuma. Iye amati mu kontirakiti ya pailoti masamba a malipiro ndi ochepa, mtolo wonsewo ndi za ndandanda, masiku opuma, hotela yogona, ndi amene ali ndi mphamvu yokuitana pa tsiku lako lopuma.

Mnyamata wa ku Joni: Zoona achemwali. Kuno mu Julaye 2025 mapailoti a FlySafair ananyanyala, ndipo phokoso lalikulu linali la ndandanda ya ntchito, kufuna kudziwiratu masiku opuma ndi kukhalako ndi ma wikendi pakhomo.

Mlembi wa ku Luwinga: Izi zandikhudza. Kwathu mashifiti amawasintha Lachisanu madzulo, munthu wakonzekera kupita kumudzi ku Ekwendeni ungomva kuti mawa ukulowa. Koma pa msonkhano wa mamembala palibe amene anatchula, aliyense peresenti peresenti.

Mayi a ku Ofesi: Ndikuululireni chinsinsi cha mbali yathu, mundigulire fanta. Peresenti ndimalowa nayo m'chipinda nditauzidwa kale malire ndi bodi, sindingadutse ngakhale mutavina bwanji. Koma za mashifiti, ovataimu, transipoti ya usiku, thandizo la pamaliro, masiku a tchuthi, pamenepo ndili ndi mpata wosuntha, chifukwa zambiri sizioneka pa mzere umene bodi imayang'anitsitsa. Yuniyoni yochenjera imabwera ndi zinthu zisanu ndi zitatu, ikudziwa zitatu zomwe singasiye ndi ziwiri zomwe yabweretsa kuti idzazitaye mwaulemu. Yosachenjera imabwera ndi chimodzi, ndikati ayi, nkhani yatha, tiyeni tikamwe tiyi.

Wakabaza pa Katoto: Amama a HR alapa poyera! Wina ajambule screenshot.

Mayi a ku Ofesi: Jambulani, dzina la kampani simulipeza 😄

Adada Opuma: Pali china chimene mapailoti a Delta anachita chomwe kwa ine ndiye nzeru yaikulu, ndipo chikukhudza ife kuno kuposa zonse. Iwo anali oyamba kusaina mwa makampani atatu akuluakulu. Woyamba kusaina amakhala ndi mantha akuti anzake adzapeza zambiri pambuyo. Ndiye analembetsa ndime yakuti a United kapena a American akadzapeza malipiro oposa awo, awonso akwere okha n'kukhala pamwamba ndi 1 peresenti. Ndipo taonani mmene zinayendera: a American anali atagwirizana kale ndi kampani yawo, koma a United atalengeza zawo mu Julaye 2023, a American anabwerera patebulo voti isanachitike, kampani n'kuonjezera. Makampani ankapikisana okha kukweza. Tsono ife mdani wathu si United. Ndi kwacha. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Amene anasaina 15 peresenti mu Okutobala 2023 n'kupha nkhuku yachikondwerero, pofika Khirisimasi anali wosauka kuposa asanasaine. Mwana wanga, ngakhale mabwana akupatseni nambala yochepa, menyerani ndime yakuti kwacha ikagwetsedwa kupitirira mlingo wakutiwakuti, mukhalanso pansi pasanathe masiku 30. Ndime imeneyo ndi yolemera kuposa kuonjezera 5 peresenti.

Mayi a ku Ofesi: Adada mwandiwonongera ntchito. Ndime imeneyo ndi imene sindifuna kuimva. Koma ndivomere, ndi yovuta kuikana pamaso pa anthu, chifukwa nafenso mitengo ya katundu wathu timaisintha sabata yomweyo kwacha ikagwa.

Aphunzitsi a ku Chibavi: Funso langa la wonyamula zikwama silinayankhidwe.

Adada Opuma: Pepani aphunzitsi, ukalamba. Yankho loona ndi lakuti nthawi zina amapindula, nthawi zina ayi. Mapailoti akapeza, ogwira ntchito m'ndege ndi amakaniko amalowa patebulo ataloza nambala ija. Koma mapailoti amathanso kudzikonda, ngakhale pakati pawo. Mu 1983 a American Airlines anavomera kuti amene alipo kale asunge malipiro awo, koma olembedwa kumene azilandira otsika kwambiri pa ntchito yomweyo. Tangoganizani, anthu awiri m'chipinda chimodzi choulutsira ndege, wina akudziwa kuti mnzakeyo anamugulitsa asanabwere n'komwe. Zinawatengera zaka kuti achotse chinthu chimenecho. Ndiye a Mlembi, mabwana akadzati "inu okhazikika tikupatsani, koma maganyu ndi atsopano asiyeni," dziwani kuti akufuna kukugawanitsani. Zaka zitatu zikubwerazi atsopanowo adzakhala ambiri kuposa inu, ndipo adzakumbukira.

Mlembi wa ku Luwinga: Ndiye ndendende zomwe anatiuza chaka chatha. Ndipo tinavomera. Ndikulemba izi nkhope ili yotentha.

Nyamwali wa ku Zolozolo: Musadzimenye achimwene, bola mwaziona.

Mnyamata wa ku Joni: Chinanso, musaope kubweza mgwirizano kwa mamembala kuti aukane. A United omwe mukuwasirirawo, mu 2022 atsogoleri awo anabwera ndi mgwirizano wa pafupifupi 15 peresenti. Mamembala anaukana ndi mavoti 94 peresenti. Chaka chotsatira mpomwe anapeza 40 ija. Kuno kwathu komiti imasaina ku hotela, mamembala n'kumva pa notisi bodi.

Wakabaza pa Katoto: Atadya nkhuku ndi chipisi, alawansi ili m'thumba.

Mlembi wa ku Luwinga: A Kabaza, ife amatipatsa masikono ndi tiyi wopanda mkaka, musatinamizire. Koma funso lina. Anyamata ena kuntchito akuti tisavutike ndi makalata, tingochita go-slow, kapena tonse tidwale tsiku limodzi. Akuti mapailoti amatero.

Adada Opuma: Anaterodi, ndipo analira. Mu 1999 mapailoti a American Airlines "anadwala" mwaunyinji, maulendo masauzande analephereka. Khoti linawalamula kubwerera, anachedwa kumvera, woweruza analipiritsa yuniyoni yawo madola 45.5 miliyoni. Pafupi pompano, mapailoti a Kenya Airways ananyanyala pa 5 Novembala 2022 pa nkhani ya thumba lawo la penshoni ndi malipiro otsalira, pomwe khoti linali litaletsa kale. Patatha masiku anayi khoti linawalamula kubwerera ku ntchito, atsogoleri awo ali ndi mlandu wonyoza khoti pamutu. Dandaulo lawo linali lomveka, koma nkhani inasanduka ya kusamvera khoti, za penshoni anthu anaiwala.

Mayi a ku Ofesi: Ndipo kuno lamulo lake ndi Labour Relations Act ya 1996. Kuti bwana akakamizike kukambirana nanu, mamembala anu akhale osachepera 20 peresenti ya ogwira ntchito, koma kunena zoona ndi 20 peresenti sindingakuopeni, bwerani ndi 80. Mukasemphana, mkangano umakanenedwa kwa Mlembi Wamkulu wa unduna wa zantchito, pamakhala masiku 21 oyesa kukuyanjanitsani, zikakanika mumapereka chidziwitso cha masiku 7 musananyanyale. Mukadumpha sitepe imodzi, loya wa kampani akuthamangira ku Industrial Relations Court ndipo ine ndikulemba makalata oimitsa anthu ntchito. Kumbukiraninso kusintha kwa lamulo kwa 2021: mukanyanyala kupitirira masiku atatu pachaka, bwana ali ndi ufulu wodula malipiro a masiku enawo. Ndiye funsani anyamata anuwo kuti ali ndi ufa wa masabata angati m'nyumba. Ma yuniyoni a mapailoti amasonkha ndalama zaka ndi zaka kukonzekera tsiku limenelo.

Aphunzitsi a ku Chibavi: Lamulo la 2021 limenelo linabwera sitiraka yathu ya aphunzitsi ya alawansi ya Covid itangochitika. Sitinaiwale.

Wakabaza pa Katoto: Koma abale tikukamba za mapailoti mu mzinda umene ndege ikatera ana amathawa m'kalasi kukaonerera. Bwalo lathu lija anthu amadutsapo ndi mitolo ya nkhuni.

Nyamwali wa ku Zolozolo: Mchimwene wanga amati adzabwerera kumudzi tsiku limene adzathe kutera pa Mzuzu ndi ndege yake yaikulu. Amayi anamuyankha kuti ndiye tisamudikire.

Mnyamata wa ku Joni: Nkhani yake ndi yomweyo ya msika. Air Malawi itatha, Malawi Airlines inayamba kuuluka mu 2014, boma 51 peresenti, Ethiopian Airlines 49. Ndege zake ndi zowerengeka pa zala. Pailoti wa ku Malawi alibe makampani atatu oti awapikisanitse pakhomo, mphamvu yake ndi pasipoti. Laisensi yake imagwira ntchito kunja, ndipo kunjako amalipira madola.

Adada Opuma: Ndi chifukwa chake ndikuti muyambe mwadzifunsa kuti ndani pakati panu amene bwana sangamupeze msanga. Pafakitale iliyonse alipo "mapailoti" ake. Mwina ndi anthu anayi odziwa kuyendetsa makina aakulu aja, mwina wa boila, mwina madalaivala a malole odziwa kutsika Chiweta ndi katundu mvula ikugwa. Amenewo akhale mu komiti yanu, akhale kutsogolo patebulo, ndipo alumbire kuti sakalandira kanthu kumbali. Chifukwa bwana wanzeru adzawaitana okha Lamlungu n'kuwapatsa kenakake.

Mayi a ku Ofesi: Sindinenapo kanthu pamenepo.

Mlembi wa ku Luwinga: Kukhala chete kwanu kwayankha amama. Ndiye ndaona kuti tsiku lomwe anatipatsa ndi loipa. Akufuna tikambirane mwezi wamawa, nthawi imene maoda amakhala atatsika ndipo theka la makina lili pa sevisi. Maoda athu amachuluka anthu akayamba kukolola. Ndikauza komiti tipemphe kusuntha, kapena tiyambe mwezi wamawa koma tisathamangire kusaina.

Adada Opuma: Musapemphe kusuntha, adzadziwa chifukwa chake. Yambani pa tsiku lawolo. Yambani ndi zing'onozing'ono, mashifiti, transipoti, magolovesi. Pemphani mabuku polemba kalata monga anenera amama, kuyankha kwawo kokha kudya masabata awiri. Za ndalama muzifike chimanga chitauma.

Aphunzitsi a ku Chibavi: Ndipo maganyu aja muwaitane ku msonkhano, ngakhale sali mamembala. Muwapepese pamaso.

Mlembi wa ku Luwinga: Ndichita zimenezo Loweruka. Adada, kodi ndingabwere kwanu Lachinayi ndikaweruka, mundithandize kulemba ndime ya kwacha ija? Sindikufuna loya wawo adzaipeze ndi bowo.

Adada Opuma: Bwerani isanakwane 6 koloko, magetsi kuno sachedwa kuthawa. Mubwere ndi mgwirizano wanu wa chaka chatha, wonse, osati tsamba la malipiro lokha.

Wakabaza pa Katoto: Luwinga mpaka Chiputula ndikutengani ine a Mlembi. Koma mtengo tikambirane lero, Lachinayi mvula ikagwa ndikweza ndi 34 peresenti.